Magulu onse akamavomereza ganizo lanu: kukonza kafukufuku woyerekeza zitsanzo zochepa

Chaka ndi chaka, ophunzira za chikhalidwe cha anthu, za chitukuko ndi za ndale akabwerako kokafufuza n'kuyamba kulemba mutu wa zimene apeza, pali vuto limodzi limene limandipeza pa desiki kuno ku Mzuzu. Chaka china limabwera m'kafukufuku wa makomiti a mijigo ku Mzimba, chaka china m'kafukufuku wa makalabu a alimi a khofi ku Rumphi, chaka chinanso m'kafukufuku wa masikimu a mpunga ku Karonga, koma ukalisenda umapeza kuti ndi lomwe lija. Wophunzira wasankha magulu asanu kapena asanu ndi limodzi, onse oyenda bwino, wafufuza chimene akufanana, ndipo walemba kuti chimenecho ndicho chikuwayendetsa bwino. Kawirikawiri ntchitoyo imakhala yogwiridwa ndi mtima wonse, munthu atapondaponda matope a mvula ya kuno ndi kuthera ndalama za makolo ake pa minibasi ndi kabaza, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa kumuuza kuti mfundo yake yaikulu ilibe poima.

Njira imene ndikukamba pano ndi yoyerekeza zitsanzo zochepa zimene wofufuza wazidziwa mozama, m'malo mofunsa anthu masauzande mafunso aafupi. Chitsanzo chimodzi, chimene mabuku a Chingerezi amachitcha case, chikhoza kukhala dziko, boma, mudzi, sukulu kapena gulu la amayi khumi ndi asanu. Njirayi ndimaikonda ndipo ndimaiikira kumbuyo, chifukwa ndi imene wophunzira wa ndalama zochepa angaikwanitse, komanso chifukwa imalola munthu kumva mbiri yonse ya gulu m'malo moliona ngati nambala. Koma mphamvu yake yagona pa kasankhidwe ka zitsanzo, ndipo kasankhidweko kakalakwika, kuchuluka kwa mawu amene mwajambula pa foni sikungakuwomboleni.

Tebulo likakhala ndi "eya" yekhayekha

Mtsikana wina wa chaka chomaliza anabwera ndi kafukufuku wa magulu a banki mkhonde. Anayendera magulu asanu ndi limodzi ku Chibavi, ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo, madera a mumzinda uno wa Mzuzu, onse oti agawanapo ndalama kangapo ndipo akadalipo. Pa tsamba lina anajambula tebulo. Pansi pa mawu akuti malamulo olembedwa panali "eya" kuyambira pamwamba mpaka pansi, pansi pa chindapusa cha ochedwa kubweza panalinso "eya" yekhayekha, ndipo pansi pa bokosi la maloko atatu zinali chimodzimodzi. Mfundo yake inali yakuti malamulo olembedwa ndi chindapusa ndizo zimasunga gulu kuti lisathe. Ndinamufunsa kuti, "Nanga magulu amene anatha, kodi malamulo analibe?" Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana tebulo lakelo, kenako anayankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, amene anathawo sindinawaone. Amayi amene ankandiperekeza ananditengera kwa amene amakumana."

Yankho lake linali loona, ndipo vuto lonse lili mmenemo. Malamulo olembedwa, chindapusa ndi bokosi la maloko atatu si nzeru zimene gulu lililonse linatulukira palokha. Zimabwera pamodzi ndi dongosolo la banki mkhonde lenilenilo, limene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo kenako linafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo kwathu kuno. Ngati magulu amene anatha anaphunzitsidwa dongosolo lomwelo, ndiye kuti nawonso anali ndi malamulo, chindapusa ndi bokosi, ndipo chinthu chimene chili mwa amoyo ndi mwa akufa omwe sichingakuuzeni chimene chinasiyanitsa awiriwa. Zili ngati kufunsa ana okhawo amene akhoza mayeso a MSCE, n'kupeza kuti onse ankavala yunifolomu, pamene olephera nawonso ankavala yunifolomu yomweyo.

Nzeru yoyerekezayi si yatsopano. John Stuart Mill, m'buku lake la mu 1843 lotchedwa A System of Logic, anafotokoza njira ziwiri zimene ophunzira athu amagwiritsa ntchito mpaka lero, ena osadziwa n'komwe mwini wake. Yoyamba ndi yoyang'ana kufanana: mumatenga zitsanzo zosiyana pa zambiri koma zotsatira zake n'zofanana, n'kufufuza chinthu chimodzi chimene zonse zili nacho. Yachiwiri ndi yoyang'ana kusiyana: mumatenga zitsanzo zofanana pa zambiri koma zotsatira zake n'zosiyana, n'kufufuza chinthu chimodzi chimene chili uku koma uko kulibe. Mtsikana uja anagwiritsa ntchito yoyamba yokha, ndiponso pa magulu amene ankafanana pa zinthu zambirimbiri, motero analibe njira yodziwira kuti mwa zofananazo, chenicheni n'chiti.

Akuluakulu a maphunzirowa nawonso anagwapo m'dzenje limeneli. Mu 1990, Barbara Geddes analemba za ofufuza amene anayang'ana mayiko amene chuma chawo chinkakula mofulumira, monga South Korea, Taiwan ndi Singapore, n'kuona kuti maboma ake ankapondereza mabungwe a anthu ogwira ntchito, ndipo anaganiza kuti kuponderezako ndiko kunkathandiza chuma kukula. Geddes atawonjezera mayiko ena ambiri ongotukuka kumene, kuphatikizapo amene ankapondereza antchito koma chuma osakula, mgwirizano umene unkaoneka uja unazimiririka. Mosiyana ndi zimenezi, Theda Skocpol, polemba mu 1979 za kuukira kwakukulu kumene kunasintha France, Russia ndi China, sanalekere pa mayiko atatuwo, koma anawaika pambali pa England, Prussia ndi Japan, kumene kusintha kotereku sikunachitike.

Ndisanapitirire ndinene kuti tebulo la magulu oyenda bwino okhaokha si lotaya. Likhoza kuchita ntchito imodzi yofunika, yomwe ndi kuchotsa ganizo lolakwika. Ngati mwa magulu asanu ndi limodzi amoyo muli limodzi limene lilibe chindapusa, mwasonyeza kuti gulu likhoza kukhalitsa popanda chindapusa, ndipo imeneyi ndi mfundo yoyenera kulembedwa. Chimene tebulo lotere silingachite ndi kunena kuti chakuti ndicho chimachititsa.

Kupeza magulu amene anatha

Mankhwala a vutoli ndi odziwika koma ndi otopetsa: pamafunika kubwerera kukafuna zitsanzo zimene zinalephera. Chovuta n'chakuti gulu lakufa lilibe tsiku lokumana, lilibe mkhonde, ndipo silili m'kaundula wa aliyense. Mlangizi wa bungwe kapena wa boma sakutengerani kumeneko, osati chifukwa cha chinyengo ayi, koma chifukwa mlendo timamuonetsa munda umene wabereka. Choncho musadalire munthu mmodzi wokuperekezani, ngakhale atakhala wokoma mtima bwanji.

Njira imene ndaona kuti imathandiza ndi kuyambira m'magulu amoyo omwewo. Mukatha kucheza za gulu la lero, funsani mayi aliyense payekha kuti, "Kodi musanalowe muno munali m'gulu lina? Linatha bwanji?" Ambiri amakhala kuti anadutsapo kwina, ndipo amakumbukira dzina la gululo, amene anali wapampando ndi kumene msungichuma akukhala tsopano. Mafumu ndi atsogoleri a mabuloko amadziwanso zambiri, chifukwa gulu likatha ndi mkangano wa ngongole, mlandu umafika kwa iwo. Atsogoleri a amayi m'mipingo ndi gwero lina. Mukapeza mlembi wakale, pemphani kuona kope la gulu ngati analisunga, chifukwa kukumbukira kwa munthu amene ndalama zake zinalowa m'madzi kumatsamira mbali imodzi, pamene kope limasunga masiku ndi ziwerengero mmene zinalembedwera tsiku lomwelo. Ndipo musamve mbali imodzi yokha: amene akuti anathawa ndi ndalama nayenso ali ndi nkhani yake, ndipo nthawi zina nkhaniyo ndi ya matenda kapena maliro.

Apa pafunika kusamala kwambiri. Anthu a gulu lakufa amakhala akadali oyandikana nyumba, amatunga madzi pamodzi, ndipo ena akadali ndi ngongole kwa anzawo. Musatenge mawu a uyu n'kukamufunsa nawo uyo, musalembe mayina enieni a anthu ngakhale a magulu, ndipo ngati chilolezo chanu cha kafukufuku chinangotchula magulu amene akugwira ntchito, kambiranani ndi woyang'anira kafukufuku wanu musanawonjezere anthu ena.

Si gulu lililonse losayenda limene lingalowe m'tebulo. Chitsanzo cholephera chiyenera kukhala chimene chinali ndi mwayi wopambana. Anthu amene anangokumana kawiri n'kubalalika asanayambe kugula masheya sanali banki mkhonde, ndipo gulu la chipereganyu, limene limangopatsana ndalama mosinthana popanda ngongole ya chiwongoladzanja, ndi mtundu wina. Lembani pa pepala, musanapite, kuti gulu lolowa m'kafukufuku ndi lotani, mwachitsanzo limene linayamba m'zaka zakuti, m'dera lakuti, ndipo linafika pogula masheya ndi kubwereketsa ndalama. Mukatero, palibe angakunene kuti munasankha magulu akufa amene akukomera ganizo lanu.

Zitsanzo zikasiyana pa chilichonse

Ophunzira ena akamva kuti pakufunika magulu olephera amatenga lililonse limene lapezeka, ndipo amagwa m'vuto lachiwiri. Gulu lamoyo ndi la amayi ogulitsa mumsika waukulu wa Mzuzu amene amagwira ndalama tsiku ndi tsiku, pamene gulu lakufa ndi la alimi a fodya kumudzi ku Mzimba amene amaona ndalama kamodzi pa chaka. Magulu awiriwa akusiyana pa malamulo, inde, koma akusiyananso pa kapezedwe ka ndalama, pa maphunziro, pa ubale wa mamembala ndi pa mtunda wopita ku banki. Mungaloze chilichonse mwa zimenezi, ndipo palibe angakutsutseni kapena kukuvomerezani. Chizindikiro cha vutoli ndi chakuti aliyense wowerenga pepala lanu amatulukira chifukwa chake chatsopano, ndipo inu mulibe pomuyankhira.

Kukonza kwake ndi kuika zitsanzo ziwiriziwiri zofanana momwe mungathere: gulu lamoyo la ku Chibavi pambali pa gulu lakufa la ku Chibavi komweko, oyamba chaka chimodzi, a anthu a ntchito zofanana, a mtengo wa sheya wosasiyana kwambiri. Zimene zikufanana zimachoka pa mndandanda wa zokayikiridwa, ndipo zotsala zimakhala zochepa zoti munthu n'kuzifufuza.

Chitsanzo chabwino cha kasankhidwe kotere chinachitikira pakhomo pathu pomwe. Mu 2004, Daniel Posner anafalitsa kafukufuku wa ubale wa Achewa ndi Atumbuka m'malire a Malawi ndi Zambia. Anasankha midzi inayi yokha: iwiri ya Achewa, wina mbali ino ndi wina mbali ya Zambia, ndiponso iwiri ya Atumbuka, yoikidwa chimodzimodzi. Popeza malirewo anajambulidwa ndi atsamunda mosaganizira za anthu okhala kumeneko, midzi iwiri ya mtundu uliwonse, wa mbali ino ndi wa mbali inayo, inali ya chilankhulo chimodzi ndi miyambo imodzi. Anthu a mbali zonse anatchula kusiyana komweko pakati pa mitundu iwiriyi, monga pa magule ndi pa nkhani za ukwati, koma pa nthawiyo ofunsidwa a mbali ya Malawi ndiwo ankakayikira kwambiri zovotera munthu wa mtundu winawo kapena kukwatirana naye. Posner anafotokoza kuti ku Malawi mitundu iwiriyi ndi yaikulu poyerekeza ndi dziko lonse, motero andale amaona phindu kuigawa, pamene ku Zambia yonse ndi yaing'ono ndipo imawerengedwa pamodzi ngati anthu a kum'mawa. Munthu akhoza kutsutsana naye pa kufotokozaku, ndipo m'kalasi kuno ophunzira amatsutsanadi naye mwamphamvu, ena akuloza mbiri ya ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma taonani kuti mkanganowo umakhala pa zifukwa ziwiri kapena zitatu zokha, chifukwa kasankhidwe ka midzi kanachotseratu ganizo lakuti miyambo payokha ndiyo imadanitsa anthu. Midzi inayi yosankhidwa ndi nzeru inagwira ntchito imene midzi makumi anayi yongotola sikanagwira.

Zifukwa zikachuluka kuposa zitsanzo

Vuto lachitatu limabwera kwa ophunzira akhama, amene awerenga kwambiri ndipo safuna kusiya chifukwa chilichonse panja. Arend Lijphart analitchula kale mu 1971 kuti ndilo kufooka kwakukulu kwa njira yoyerekeza: zoganiziridwa kuti zikuchititsa n'zambiri, pamene zitsanzo n'zochepa. Masiku ano limaonekera bwino mwa amene akugwiritsa ntchito QCA, njira imene Charles Ragin anaifotokoza mu 1987 m'buku lotchedwa The Comparative Method. M'njirayi, chifukwa chilichonse chimalembedwa 1 ngati chilipo ndi 0 ngati palibe, ndipo tebulo limakhala ndi mzere wa kaphatikizidwe kalikonse kamene kangatheke. Masamu ake ndi osavuta koma ndi ankhanza. Zifukwa zitatu zimabala mizere 8, zinayi mizere 16, zisanu mizere 32, ndipo zisanu ndi chimodzi mizere 64. Tiyerekeze kuti muli ndi magulu 8 ndi zifukwa 6: ngakhale gulu lililonse litakhala pa mzere wakewake, mizere 56 idzakhala yopanda kanthu. Pulogalamu ya pakompyuta idzakupatsanibe yankho looneka bwino, koma mbali yaikulu ya yankholo idzakhala itachokera ku zongoganizira za magulu amene simunawaonepo.

Mungadziwe kuti mwagwa m'vutoli ngati gulu lililonse lili ndi njira yakeyake m'yankho lanu. Pamenepo simunafotokoze kanthu, mwangobwereza mbiri ya gulu lililonse m'zilembo. Yambani ndi kuchotsa chifukwa chilichonse chimene chili 1 m'magulu onse kapena 0 m'magulu onse, popeza sichikusiyanitsa aliyense. Kenako phatikizani zimene zikunena chinthu chimodzi: kuwerenga ndalama pagulu, kulemba m'kope onse akuona ndi kusunga makiyi kwa anthu atatu osiyana zonse zikukamba za kuchita zinthu poyera, ndipo zikhoza kukhala chifukwa chimodzi. Kwa wophunzira wa magulu khumi kapena khumi ndi awiri, ine ndimalangiza zifukwa zitatu, zikachulukitsa zinayi, ndipo chilichonse chikhale ndi nkhani yomveka ya mmene chingaphere kapena kusungira gulu.

Pali chinanso chimene chimaopsa ophunzira pachabe. Nthawi zina magulu awiri amagwera pa mzere umodzi, ofanana pa zifukwa zonse, koma lina lili moyo ndipo lina linatha. Ndaonapo wophunzira akufuna kuchotsa limodzi mwa awiriwo kuti tebulo liyere, ndipo ndinamuletsa, chifukwa mzere wotsutsanawo ndiwo malo olemera kwambiri m'kafukufuku yense. Ukukuuzani kuti pali chinthu chimene simunachione, kapena kuti munalemba 1 pamene panayenera 0. Bwererani ku magulu awiriwo, khalani nawo pansi, ndipo funsani za nthawi imene zinthu zinavuta. Kumbukiraninso kuti njira zofikira pa chotsatira chimodzi zikhoza kukhala zingapo: gulu lina likhoza kukhalitsa chifukwa cha malamulo okhwima pakati pa anthu osadziwana, lina chifukwa onse ndi a mpingo umodzi ndipo amachitirana manyazi. Ndiponso chimene chimapha gulu sikuti nthawi zonse chimangokhala kusowa kwa chimene chimalisunga, motero kutha kwa magulu kumafunika kusanthulidwa pakokha.

Amene akugwiritsa ntchito mtundu wa QCA umene Ragin anaufotokoza mu 2000, wolola ziwerengero za pakati pa 0 ndi 1, asamale ndi malire a 0.5, amene amalekanitsa magulu otsamira ku 1 ndi otsamira ku 0. Malirewo asaikidwe pongotenga avareji ya magulu amene muli nawo, koma pa chifukwa chochokera m'moyo wa maguluwo chimene mungachiteteze pamaso pa oyesa, ndipo gulu lisapatsidwe 0.5 yeniyeni chifukwa silidzagwera pa mzere uliwonse.

Mawu amodzi akamatanthauza zinthu zingapo

Nthawi zina tebulo limasokonekera chifukwa chotsatira chenichenicho sichinamasuliridwe. Kodi gulu loyenda bwino ndi lotani? Kwa mlangizi ndi limene likukumanabe, kwa msungichuma ndi limene ngongole zonse zabwezedwa, ndipo kwa mayi wamba ndi limene linamupatsa ndalama ya feteleza ndi ya fizi pogawana mu Disembala. Kutha nakonso kuli mitundu. Gulu limene linagawikana pawiri chifukwa chochuluka anthu silinafe, ndipo limene linagawana mwamtendere n'kusiya chifukwa eni nyumba za lendi anasamutsa theka la mamembala silifanana ndi limene linathera kwa mfumu. Giovanni Sartori anachenjeza mu 1970 za kukoka liwu limodzi kuti likwanire zinthu zosiyana mpaka litataya tanthauzo. Sankhani tanthauzo limodzi, lilembeni m'chiganizo chimodzi, ndipo yesani gulu lililonse ndi muyeso womwewo.

Kuno ku Mzuzu vutoli limakula chifukwa cha zilankhulo. Wofufuza amalemba mafunso m'Chingerezi, n'kumawamasulira pomwepo, kwa uyu m'Chitumbuka, kwa uyo m'Chichewa, kwa wina wochokera ku Nkhata Bay m'Chitonga, ndipo funso limodzi limasanduka mafunso atatu. Masulirani mafunso ofunikira musanapite, muwalembe, ndipo pemphani munthu wina wodziwa chilankhulocho awabwezere m'chilankhulo choyamba kuti muone ngati tanthauzo lasungika.

Fufuzaninso ngati zitsanzo zanu zilidi zosiyana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, Francis Galton anafunsa Edward Tylor, amene ankayerekeza miyambo ya ukwati ya mitundu yambiri, ngati mitunduyo sinangotengerana miyamboyo. Magulu anayi ophunzitsidwa ndi mlangizi mmodzi, amene anakopera malamulo m'kope limodzi, sangawerengedwe ngati mboni zinayi pa nkhani ya malamulo. Funsani gulu lililonse amene analiphunzitsa ndi kumene linatenga malamulo ake, ndipo mulembe zimenezi m'tebulo.

Chinayamba n'chiti

Tebulo limaonetsa zinthu zimene zimapezeka pamodzi, koma silinena chimene chinayamba. Gulu likhoza kukhala ndi lamulo lokhwima la chikole lero chifukwa linapulumuka munthu atathawa ndi ngongole zaka ziwiri zapitazo, kutanthauza kuti lamulolo ndi chipatso cha kupulumuka osati muzu wake. Njira yothetsera izi ndi imene mabuku amaitcha process tracing, kulondola mapazi a nkhani mkati mwa chitsanzo chimodzi. Pa gulu lililonse jambulani mzere wa nthawi: linayamba liti, lamulo lililonse linalowa liti, vuto lalikulu linagwa liti, ndipo anthu anachita chiyani sabata yotsatira. Kope limathandiza kwambiri apa. Ndinaonapo tsamba la malamulo pamene asanu oyamba analembedwa ndi bolopeni yabuluu ndi dzanja limodzi, koma lachisanu ndi chimodzi, loletsa kubwereketsa munthu wakunja, linali lofinyikira m'munsi mwa tsamba ndi bolopeni yakuda. Funso lakuti "Ili munaliwonjezera liti, ndipo chinachitika n'chiyani?" linatsegula nkhani imene mafunso onse okonzeratu sanaifike.

Nthawi ndi ndalama zikatha

Sikuti aliyense angathe kubwerera. Ngati tsiku lopereka pepala layandikira ndipo m'thumba mulibe kanthu, chepetsani zimene mukunena kuti zifanane ndi umboni umene muli nawo. Sinthani mutu kuchoka pa "zimene zimachititsa magulu kukhalitsa" kupita pa "mmene magulu asanu ndi limodzi okhalitsa amayendetsera ntchito zawo", chotsani mawu akuti "chimachititsa" paliponse pamene mulibe chitsanzo chotsutsa, ndipo fotokozani poyera mmene magulu anasankhidwira ndi amene anakuperekezani. Mukhozanso kupeza kusiyana mkati mwa zimene muli nazo kale, poyerekeza chaka chimene gulu linagawana bwino ndi chaka chimene linavutika, popeza gulu limodzi pa nthawi ziwiri limafanana lokha pa zambiri kuposa magulu awiri alionse.

Mtsikana uja anali ndi masabata atatu, ndipo anasankha kubwerera. Kudzera mwa amayi a m'magulu amoyo anapeza magulu atatu amene anatha, awiri ku Chibavi ndi limodzi ku Zolozolo. Onse atatu anali ndi malamulo olembedwa, chindapusa ndi bokosi la maloko atatu, motero mfundo yake yoyamba anaichotsa yekha. Mlembi wakale wa gulu lina anamutulutsira kope m'chikwama cha zovala, ndipo m'masamba omaliza munali ngongole zikuluzikulu ziwiri zoperekedwa kutatsala milungu yochepa kuti agawane, zonse zosabwezedwa. M'kope la gulu lachiwiri anapezamo zofanana ndi zimenezi, pamene lachitatu kope lake linatayika. Atabwera kudzandionetsa, ndinamufunsa ngati magulu amoyo aja amasiya kubwereketsa nthawi yogawana ikayandikira, ndipo anati funso limenelo sanawafunsepo, chifukwa pa ulendo woyamba sankadziwa kuti ndi lofunika. Lachisanu la sabata yomweyo anakwera kabaza kubwerera ku Mchengautuwa, kumene gulu loyamba mwa asanu ndi limodzi aja limakumana masana, kukapempha kuona masamba a Novembala a makope awo.